Lipoti la nthumwi yathu ku msonkhano wa kalumikizidwe ka mapulogalamu ndi database ya pa cloud

A wapampando ndi mamembala nonse, ndikuthokoza pondituma kukaimira gulu lathu ku msonkhano wa olemba mapulogalamu. Munandipatsa funso loti ndikafunse: n'chifukwa chiyani chida chathu cholembera malipoti chimagwira bwino pa kompyuta ya amene anachikonza, koma chikaikidwa pa seva (kompyuta imene imayendetsa chidacho kuti onse achigwiritse ntchito) chimakanika kufikira database, nkhokwe ya pa intaneti yosungiramo uthenga wathu? Yankho ndabwera nalo, komanso ndabwera ndi nkhawa ina yomwe ndikufuna tiikambirane mosazengereza.

Nkhani zoyambirira zinali zoyerekeza ma database a NoSQL, amene sasunga zinthu m'matebulo a mizere ndi mizati ngati a SQL. Ophunzitsa anatchula DynamoDB ya Amazon yomwe inayamba mu 2012, Firestore ya Google, Cosmos DB ya Microsoft, ndi MongoDB Atlas yomwe inayamba mu 2016. Iliyonse ili ndi kalowedwe kake. DynamoDB imafuna makiyi a IAM (dongosolo la zilolezo la Amazon) ndi dzina la dera limene tebulo lili, pomwe Firestore, ukailumikiza kuchokera pa seva, kawirikawiri imafuna fayilo ya kiyi ya service account, akaunti ya pulogalamu osati ya munthu. Popeza ife timagwiritsa ntchito Atlas, nthawi yanga yambiri ndinathera m'gulu limene linkachita zoyeserera pa iyo.

Zonse zimayambira pa mzere umodzi wotchedwa connection string, woyamba ndi mongodb+srv://. M'menemo mumalowa dzina la wolowa, pasiwedi, ndi adiresi ya cluster, gulu la maseva osunga database. Kachidutswa ka +srv kali ndi ntchito yaikulu: kamauza chida kuti chikafunse ku DNS, kaundula wa maina a pa intaneti, maina a maseva onse a cluster, omwe nthawi zambiri amakhala atatu osunga zofanana, ndipo kamayatsanso TLS kuti uthenga uziyenda wobisika. Choncho ngati netiweki yanu ikukana mafunso a SRV, kulumikiza kumalephera database isanafikidwe n'komwe. Zikatero Atlas imaperekanso mzere wakale woyamba ndi mongodb://, wotchula seva iliyonse payokha ndi doko la 27017.

Vuto lathu ife lili pa chinthu china, mndandanda wa ma IP ololedwa, omwe ndi ma adiresi a makompyuta pa intaneti. Atlas imakana aliyense amene adiresi yake sinalembedwe pamenepo, ngakhale atabwera ndi pasiwedi yolondola. Kompyuta ya amene anakonza chida chathu inalembedwa, koma seva ayi. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchizindikira ukachidziwa: chida chimangokhala chete masekondi 30, omwe ndi nthawi yodikira imene madalaiva ambiri a MongoDB (mapulogalamu olumikiza chida ndi database) amabwera nayo, kenako chimanena kuti sichinapeze seva. Pasiwedi ikakhala yolakwika zimasiyana, yankho limabwera msanga lonena kuti authentication failed, kutanthauza kuti wolowayo wakanidwa. Kusiyanitsa mauthenga awiriwa kungatipulumutse ku ntchito yosinthasintha pasiwedi pomwe vuto lili pa netiweki.

Pa nkhani ya pasiwedi yomweyo pali misampha iwiri imene anthu ambiri m'gulu lathu loyeserera anakodwamo. Woyamba, akaunti yolowera pa webusaiti ya Atlas si imene chida chimagwiritsa ntchito. Wolowa wa database amapangidwa payekha. Wachiwiri, pasiwedi ikakhala ndi zizindikiro monga @ kapena / ziyenera kulembedwa mwa manambala mu mzere uja, @ kukhala %40 ndipo / kukhala %2F, apo ayi chida chimaganiza kuti adiresi yayambira pakati pa pasiwedi. Wophunzitsa anatilangiza kuyesa kaye mzerewo mu mongosh kapena Compass, mapulogalamu a MongoDB olowera mu database mwachindunji, pa makina amene chida chidzakhalepo. Ukalowa pamenepo ndiye kuti chotsala chili m'makonzedwe a chida chenichenicho.

Tsopano nkhawa ija. Munthu akatopa ndi mndandanda wa ma IP, amangolembapo 0.0.0.0/0, kutanthauza kuti adiresi iliyonse pa intaneti ndi yololedwa. Chida chimalumikiza pompopompo, aliyense n'kusangalala, ndipo palibe amabweranso kudzatseka. Kuli ngati kuchotsa chitseko chifukwa kiyi akuvuta. Wophunzitsa anatikumbutsa zimene zinachitika mu Januwale 2017, pamene ma database a MongoDB masauzande ambiri, amene eni ake anawaika pa maseva awo osatetezedwa, anafufutidwa ndi anthu amene ankafuna dipo la Bitcoin, ndalama ya pa intaneti. N'zoona kuti pa Atlas pasiwedi imafunikabe, koma ukatsekulira dziko lonse ndiye kuti pasiwediyo yatsala yokha kuteteza zonse, ndipo pasiwedi zimatuluka mosavuta kuposa mmene timaganizira.

Njira imene zimatulukira kawirikawiri ndi kodi yathu yomwe. Mzere wolumikizira ukalembedwa m'fayilo ya pulogalamu n'kutumizidwa ku Git, komwe kumasungidwa kodi ndi kusintha kwake konse, umakhalabe m'mbiri yake ngakhale mutaufufuta mawa. Mankhwala ake ndi kusintha pasiwediyo, osati kungofufuta mzere. Malo oyenera a mzerewo ndi kunja kwa kodi: mu environment variable (makonzedwe osungidwa pa makinawo), kapena mu fayilo ya .env yolembedwa mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo osatumizidwa ku Git. Ineyo ndinakhudzidwa kwambiri pamenepa, chifukwa mu database yathu muli mayina ndi manambala a foni a anthu amene anatikhulupirira potipatsa. Iwo sadziwa kuti connection string n'chiyani, ndipo sayenera kuvutika chifukwa ife tinafuna njira yachidule.

Ku msonkhanoko kunali kusagwirizana pang'ono pa za anthu ogwira ntchito kunyumba, amene IP yawo imasinthasintha. Ena amati palibe kuchitira mwina koma kutsekula zonse. Ine ndinagwirizana ndi amene ananena kuti Atlas imalola kulemba adiresi kwa kanthawi, yofufutika yokha nthawi ikakwana, ndipo pa seva tingapeze IP yosasintha.

Chinanso chimene tiyenera kuyang'ana m'chida chathu ndi kuchuluka kwa malumikizidwe. Cluster yaulere ya M0 imasunga 512 MB ndipo imalola malumikizidwe 500 okha, pomwe madalaiva ambiri amalola client mmodzi, gawo la chida lolankhula ndi database, kutsekula mpaka 100. Chida chimene chimapanga client watsopano pa pempho lililonse chimadzaza malowa mwachangu. Client apangidwe kamodzi chida chikamayamba, n'kumagwiritsidwa ntchito yemweyo.

Pempho langa kwa komiti ndi loti pa msonkhano wathu wotsatira tivomereze kuti chida cholembera malipoti chipatsidwe wolowa wakewake wa chilolezo cha read (chongowerenga) pa database imodzi yokha, popeza sichilemba kanthu, ndipo akaunti ya atlasAdmin, yomwe ili ndi mphamvu zoyendetsera cluster yonse, isalowenso m'chida chilichonse. Ndikupemphanso kuti tisankhe munthu mmodzi woti aunike mndandanda wa ma IP ndi mbiri yathu ya Git sabata ino. Ndine wokonzeka kukhala naye limodzi pa ntchitoyi ndi kumuonetsa kayesedwe ka mongosh pa seva.