Dandaulo pa ntchito yokonza mng'alu wa maziko a nyumba yanga ku Chibavi

Kwa a Manejala,
Kampani yomanga ndi kukonza nyumba,
Mzuzu.

Bwana,

Ntchito imene anyamata anu anagwira pa nyumba yanga ku Chibavi si imene tinapangana, ndipo mng'alu umene ndinakulipirani kuti muuthetse watsegukanso pamalo omwewo.

Gwero la vutoli anandifotokozera ndi folomani wanu yemwe, tsiku limene anadzayendera nyumbayi. Anati mng'alu wotsata mizere ya njerwa chokwera, wotakasuka kumwamba kuposa kunsi, umasonyeza kuti ngodya ya nyumba ikutitimira. Madzi a padenga amagwera m'tsinde mwa khoma, katondo n'kufewa, maziko n'kusowa potsamira. N'chifukwa chake papepala la mitengo munalemba kuti mukumba kunsi kwa maziko chigawochigawo, muthiramo konkire ya 1:2:4, kutanthauza muyezo umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale, mumanga khoma ndi zitsulo podutsa mng'alu, kenako muwaka ngalande yotaya madzi kutali ndi nyumba. Ndalama ya zonsezi ndinapereka, malisiti ndili nawo.

Nanga chinachitika n'chiyani? Anyamatawo anagoba mng'alu ndi tchizulo, anamatamo matope a simenti, n'kupaka pulasitala ndi penti pamwamba. Kukumba anakumba pangodya pokha, dzenje losafika ndi m'mawondo momwe. Mchenga anabweretsa wakudambo wodzaza dothi, pomwe ine ndinalipira wakumtsinje. Ukaufumbata m'manja unkaumbika, ndipo mmisiri aliyense amadziwa kuti mchenga wotere umafoola simenti. Konkire yochepa imene anathirayo sanaithirire madzi ngakhale tsiku limodzi. Konkire imafuna chinyezi masiku osachepera 7, ndipo mphamvu zake zimakwana pakatha masiku 28, koma iwo anakwirira m'mawa mwake n'kunyamula mawilibala awo. Ngalande ndiye palibe ndi chizindikiro chomwe. Uku n'kumanga bandeji pachilonda chosatsuka.

Mvula itangoyamba, penti inang'ambika. Panopa mng'alu wadutsa pansi pa windo mpaka pasimenti ya kuchipinda kwa ana, ndipo chitseko cha chipindacho sichikutsekeka pokhapokha uchikankhe ndi phewa. Inu ndinu a konkuno, mukudziwa kuti mvula ya ku Mzuzu imafika mpaka mu Epulo ngakhale Meyi, ndipo mukukumbukira mmene nyumba zinagwera mumzinda muno mu Epulo 2016. Ana ndawasamutsira pabalaza.

Ku ofesi kwanu amangondiuza kuti abwana achokapo. Folomani uja foni sakuyankhanso, koma galimoto ya kampani yanu ndimaiona ikutsitsa njerwa ku Luwinga.

Ndikupempha kuti mutumize injiniya adzaone maziko ine ndilipo, ndipo mugwirenso ntchito yonse monga inalembedwera, popanda ine kuwonjezera ngakhale tambala. Simenti idzatsegulidwe ndikuona, chifukwa matumba opanda kanthu amene anasiyidwa pakhomo pano ndi ochepa kuyerekeza ndi amene ali pa lisiti. Ngati simungathe, mundibwezere ndalama ya kukumba, zitsulo ndi ngalande, ndikapeze ena.

Mundiyankhe polemba pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Kupanda apo ndikatula nkhaniyi ku bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission komanso ku bungwe lopereka ziphaso kwa makontilakitala, pamodzi ndi malisiti, pepala la mitengo ndi zithunzi za khomali.

Ine kasitomala wanu wodandaula,
Mwini nyumba, Chibavi.