Dandaulo kwa eni sitolo yogulitsa makamera ku Limbe

Akuluakulu a sitolo, ndikulemba pano pagulu chifukwa mauthenga amene ndakhala ndikutumiza pa WhatsApp yanu mumangowawerenga osayankha, ndipo ndikafika pasitolopo ndimauzidwa kuti abwana atuluka. Nkhani yake ndi ya kamera yaing'ono yolowa m'thumba imene ndidagula kwa inu mu Ogasiti, yomwe lisiti lake likunena poyera kuti ili ndi waranti ya miyezi 12. Ndimajambulira zinkhoswe ndi zochitika za kwaya kumpingo kwathu ku Chilomoni, choncho ikakhala pansi, kangachepe kamene ndimapeza Loweruka nakonso kamaima.

Ndikaiyatsa, lenzi (diso la kamera) imatuluka theka n'kuyamba kulira mokakamira, kenako pa sikirini pamabwera mawu akuti "Lens error", ndipo kamerayo imazima yokha lenzi ikadali panja. Mnyamata wanu wa pakauntala adangoitembenuza m'manja n'kugamula kuti mwalowa fumbi, nati zafumbi waranti sizikhudza. Sindikutsutsa kuti fumbi kapena mchenga zimatha kumanga lenzi ya makamera otere, makamaka m'chilimwe chino pamene misewu ya m'makwalala ili mbuu. Komatu kamera yanga imakhala m'kachikwama kake, ndimaipukuta ndi kansalu kofewa, siinagwepo, ndipo lenziyo sindinaikankhepo ndi chala, podziwa kuti kutero kumathyola timano tapulasitiki timene timaiyendetsa m'katimo.

Chimene mnyamatayo adakana kuyang'ana ndi batire limene mudandipatsa m'bokosi. Batirelo latupa pakati. Polichotsa limakakamira mpaka kulikoka ndi chikhadabo, ndipo mukaliika patebulo siligona bwino, limagwedera, mukalikhudza n'kuzungulira. Lenzi imatulutsidwa ndi kamota kakang'ono kofuna mphamvu yokwanira panthawi yoyatsa, kotero kuti batire likafooka kamotako kamalekezera panjira. Mnzanga amene ali ndi kamera ya mtundu womwewu adandibwereka batire lake, ndipo nditaliika, lenzi idatuluka ndi kubwerera bwinobwino popanda phokoso lililonse. Fumbi silichoka chifukwa chosintha batire, ndipo aliyense wodziwa ntchito yokonza makamera akadaona zimenezi akadangotsekula kachitseko ka pansi kolowetsera batire. Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti batire la mtundu umenewu, wotchedwa lithium-ion, likatupa limatha kuyaka moto, n'chifukwa chake ndidasiya kulitchaja m'nyumba momwe muli ana.

Palinso memori khadi imene mudandigulitsa tsiku lomwelo, yolembedwa 64GB. Ndidaifomata (kuifufuta kuti ikonzeke kusunga zithunzi) m'kamera momwemo monga limanenera buku la malangizo, koma zithunzi zikangochuluka, zakumapeto zimakana kutseguka pa kompyuta. Umu ndi momwe amachitira makhadi achinyengo, amene amaonetsa malo ambiri pamene enieni ndi ochepa. Zithunzi za nthawi yopereka mphatso pachinkhoswe cha mwana wa eni ake zidatayika motero, ndipo mwambo ngati umenewu sungauze anthu kuti aubwereze.

Pempho langa ndi lakuti wokonza makamera wanu aiyese pamaso panga, ndi batire lotupali komanso ndi lina labwino, ndipo zimene apeze azilembe papepala. Mundipatse batire lenileni la kampani yopanga kamerayi ndi khadi yoona, ndipo ngati zimenezo simungathe, mulandire katundu wanu mundibwezere ndalama zanga zonse. Chikwangwani chimene mudapachika kuseri kwa kauntala, chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, musabisalemo, pakuti bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda kuti kukana udindo pa katundu wowonongeka n'kuphwanya malamulo. Lisiti, bokosi, batire ndi khadiyo ndazisunga zonse. Mukapanda kundiyankha sabata ino isanathe, ndikatula nkhaniyi kubungweli komanso ku bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi.