Mwananga, leka kuchulukitsa mafayilo a nthano yako

Wokondedwa mwananga,

Uli bwanji? Ine kuno ndili bwino. Mayi ako andiuza kuti ukaweruka kusukulu umakhala pa laputopu ija n'kumalemba nthano ya kalulu ndi fisi, ndipo mafayilo ako achuluka: nthano, nthano2, nthano yomaliza, nthano yomaliza yeniyeni. Ndinaseka, pakuti ngakhale akuluakulu a m'maofesi amatero. Umaopa kuti ukasintha mathero, mwina akale aja ndiwo anali okoma, ndiye sufuna kuwataya. Pali pulogalamu imene imathetsa mantha amenewo, ndipo ine ndimaigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Dzina lake ndi Git.

Anaipanga ndi bambo wina wa ku Finland, Linus Torvalds, mu 2005. Ndi yemwe uja anayambitsa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, mu 1991 akadali pasukulu ku Helsinki. Anthu ambirimbiri a m'mayiko osiyanasiyana ankathandizana kulemba Linux, ndiye eni ake a BitKeeper, pulogalamu imene ankasungiramo ntchito yawo, atasiya kuwapatsa yaulere, Linus anangolemba yakeyake. Chaka chomwecho anaisiya m'manja mwa Junio Hamano kuti aziisamalira. Tangoganiza, chida chimene anapangira ntchito yaikulu chonchi ndi chomwecho chidzasunge kalulu wako.

Git ndinaiika kale pa laputopupo. Tsegula foda ya nthano yako, udine batani lakumanja la mausi, usankhe Git Bash. Patuluka windo lakuda lopanda zithunzi, kamzere kakuphethira pakona. Usaliope. Likungodikira kuti ulembe lamulo n'kudina Enter. Pali anthu amene amakonda Git ya mabatani okongola, koma ine ndikufuna uyambire pa windo lakudali, chifukwa pamenepa umadziwa chimene wauza kompyuta, ndipo imachita chokhacho.

Uyambe ndi kudzidziwitsa. Lemba git config --global user.name kenako dzina lako pakati pa zizindikiro izi " ". Uchitenso chimodzimodzi ndi user.email, uikepo imelo ya mayi ako. Zimenezi ndi za kamodzi kokha. Ukatero lemba:

git init

Uona ngati palibe chachitika, koma mkati mwa foda yako mwabadwa kafoda kobisika kotchedwa .git. Ukalemba ls -a ukaona. M'menemo ndi mmene mudzikhala mbiri yonse ya nthano yako, choncho usakafufute, ngakhale mlongo wako atanena kuti ndi kachabechabe.

Tsopano tamvera bwino, apa ndi pamene pagona nkhani. Ukukumbukira mmene timajambulitsira pa Khirisimasi? Choyamba timaitana amene akhale pa chithunzi kuti aime pamodzi, kenako wojambula amadina. Git imachitanso ziwiri zomwezo. Ukalemba git add nthano.txt waitana fayilo kuti iime pamzere. Ukalemba

git commit -m "Kalulu wakumana ndi fisi kudambo"

wadina. Nthano yako, mmene ilili nthawi imeneyo, yasungidwa, pamodzi ndi dzina lako, tsiku ndi ola. Mawa ukasintha, uchitanso add ndi commit, ndipo chadzulo chija sichifufutika. Fayilo ndi imodzi yokha, koma mbiri yake yonse ilipo.

Mawu ali pakati pa zizindikirowo ndi uthenga wako kwa iwe mwini wa mwezi wamawa. Usalembe kuti "ndasintha" kapena "zina". Wasintha chiyani? Lemba kuti "Ndachotsa nyimbo ya fisi" kapena "Mkango walowa m'nkhani". Ine anthu amene amalemba "ndasintha" basi amanditopetsa kwambiri kuntchito, chifukwa zikavuta timachita kutsegula chimodzichimodzi kuti tipeze pamene panalakwika. Ndiponso usadikire kuti nthano yonse ithe. Ukamaliza ndime imene yakusangalatsa, sunga pomwepo.

Ukadzaiwala kulemba -m, windo lidzasintha n'kukulowetsa mu pulogalamu ina, nthawi zambiri Vim, imene imasokoneza ngakhale anthu a ndevu zawo. Usalire. Dina Esc, ulembe :q! n'kudina Enter, ubwerera pamene unali.

Lamulo limene ndikufuna ulizolowere kuposa onse ndi git status. Siliwononga kanthu, limangokuuza mmene zinthu zilili: mafayilo amene wasintha koma sunawaitane amaoneka ofiira, amene aima kale pamzere amaoneka obiriwira. Ulilembe usanachite china chilichonse, ulilembenso ukamaliza. Lina ndi git diff, limene limaonetsa mizere imene wachotsa ndi chizindikiro cha - ndi imene wawonjezera ndi +. N'chifukwa chake ndikuti nthano yako uzilemba mu Notepad ngati fayilo ya .txt. Git ikhoza kusunga fayilo ya Word, koma siingakuonetse bwino mawu amene asintha mkati mwake.

Ukafuna kuona kumene wachokera, lemba git log --oneline. Patuluka mndandanda wa mauthenga ako onse, watsopano pamwamba. Kumanzere kwa uliwonse kuli timanambala tosakanikirana ndi zilembo. Limenelo ndi dzina limene Git yapereka kwa commit imeneyo, ndiko kuti chithunzi chimene unajambula nthawi imeneyo. Lathunthu limakhala ndi zilembo ndi manambala 40, koma zoyambirira zochepazo n'zokwanira. Mndandanda ukatalika n'kukana kuchoka, dina q.

Nanga za mathero awiri aja? Apa ndi pamene ndimaikondera Git. Lemba git switch -c fisi-apambana. Wapanga nthambi yatsopano, njira ina ya nthano yako imene sikhudza yakale ija. M'menemo sintha mmene ukufunira, fisi adye nyama yonse, kalulu agone ndi njala, kenako add ndi commit. Ukalemba git switch master, kapena main ngati ndilo dzina limene git status inakuonetsa poyamba, n'kutsegulanso fayilo, upeza nthano yakale ija ili chikhalire, kalulu akadali wochenjera. Werengera agogo ako zonse ziwiri, umve imene aseke kwambiri. Ikakhala yatsopanoyo, uli pa nthambi yakale lemba git merge fisi-apambana, zilumikizana.

Lamulo limodzi lokha ndi limene ndikukuchenjeza. Ukalemba git restore nthano.txt, fayilo imabwerera mmene inalili pamene unachita add komaliza, ndipo zonse zimene unalemba pambuyo pake zimapita osabweranso. N'lothandiza mwana wa kwa aneba akadinadina zinthu pa kiyibodi, koma sifunsa kuti watsimikiza kapena ayi. Yamba wayang'ana git diff, uone zimene ukutaya.

Udziwenso kuti zonsezi zili pa laputopu imodziyo. Ikafa kapena kubedwa, mbiri yapita nayo. Akuluakulu amatumiza ntchito yawo pa intaneti, kumalo ngati GitHub, ndi lamulo la git push, koma kumeneko salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti. Pakadali pano Loweruka lililonse uzikopera foda yonse pa fulashi ya mayi ako, kafoda kobisika kaja kazipita nawo.

Ukasungako kangapo, upemphe mayi ako ajambule windo lakudalo likuonetsa git log, anditumizire pa WhatsApp. Pena pakatuluka mawu achingerezi ofiira amene sukuwamva, usatseke windo, ajambulenso amenewo, ndikuuza chochita madzulo ndikaweruka. Upereke moni kwa agogo ako ndi kwa mlongo wako, umuuze kuti nsapato zake zija ndibwera nazo pa holide.

Ndine mayi ako aang'ono.