Za mawaya a nyumba yanu ya ku Ulongwe

Achimwene,

Moni kuchokera kuno ku Angónia. Nyumba yanu afolera kale, ndiye musanatumize ndalama ya mawaya ndiyankhe funso lanu lija, loti bwanji osangogula wotchipa wa pamsika.

Chinthu chilichonse chinapangidwa ndi maatomu. Pakati pa atomu pali mapulotoni, omwe mphamvu yawo ndi ya pulasi, ndi manyutironi opanda pulasi kapena mayinasi. Kunja kumazungulira maelekitironi, a mayinasi. Atomu ya mkuwa, womwe amapangira waya wabwino, ili ndi mapulotoni 29 ndi maelekitironi 29, koma elekitironi imodzi yakunja kwenikweni siigwiridwa zolimba, imangoyendayenda. Ambirimbiri otere akakankhidwira mbali imodzi, magetsi ndi amenewo. M'pulasitiki, m'labala ndi m'galasi maelekitironi ndi omangika, n'chifukwa chake waya amamukutira ndi pulasitiki.

Aluminiyamu nayenso amadutsa magetsi, koma akafanana kunenepa ndi mkuwa amangofika pafupifupi 61 peresenti ya mmene mkuwa umadutsira. Nthambo zamagetsi zochoka ku Songo, pa damu la Cahora Bassa, kukafika pa siteshoni ya Apollo, kufupi ndi kwanu ku Johannesburg uko, makilomita pafupifupi 1,400, n'za aluminiyamu chifukwa ndi wopepuka. Koma zija n'zonenepa zedi. Wa pamsika uja ndi woonda, ndipo wina ndi aluminiyamu wongopakidwa mkuwa pamwamba. Mmisiri apale nsonga yake ndi mpeni: mkati mukayera mbee, amusiye pomwepo. Waya wotere amakhwefuka pa sikulu, amachita dzimbiri loyera lomwe limatchinga magetsi, pamenepo n'kutentha mpaka tomada (soketi) kusungunuka.

Magetsi a EDM, kampani ya magetsi kuno ku Mozambique, m'nyumba ndi mavoti 220. Pa mababu pafunika mkuwa wa 1.5 mm² ndi disjuntor (chodula magetsi akachuluka) ya maampeya 10, pa matomada 2.5 mm² ndi ya 16. Mawayawo adutse m'mapaipi, paja makoswe akudenga amatafuna chokutira chija.

Chimene ambiri amachinyozera ndi madzi. Thabwa louma silidutsa magetsi, koma likanyowa limadutsa, poti madzi a pachitsime amakhala ndi timichere. Manja onyowa chimodzimodzi. Choncho mmisiri akhomere pansi ndodo yokutidwa ndi mkuwa yoti magetsi othawa azilowera m'nthaka, ya mita imodzi ndi theka, pa dothi losauma msanga, aikenso chozimitsa cha 30 mA chomwe chimadula magetsi munthu akagwidwa.

Akakupatsani mndandanda wa zogula, nditumizireni pa WhatsApp ndiuone kaye. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana.

Ndatha ine,
Mnzanu wa ku Ulongwe