Lipoti la msonkhano wa ku Kyoto: Mjapani sadikira mneni

Wapampando ndi anzanga nonse a kalasi yathu ya Chijapani ya Loweruka,

Ndabwerako ku msonkhano wa masiku awiri umene munandituma, wa akatswiri ofufuza momwe ubongo wa munthu umamvera ndi kupangira ziganizo. Zikomo kwambiri chifukwa cha ndalama ya sitima imene munasonkha. Munandipatsa funso limodzi loti ndikalifunire yankho: popeza mneni wa Chijapani amakhala kumathero kwenikweni kwa chiganizo, kodi eni chilankhulochi amangomvetsera ali duu mpaka mneniyo afike? Ndapeza kuti sadikira ayi. Odikira ndife ophunzirafe, ndipo n'chifukwa chake timatsalira m'mbuyo anthu akamacheza.

Umboni umene unandigwira mtima ndi wa kafukufuku wa Yuki Kamide, Gerry Altmann ndi Sarah Haywood, amene anasindikizidwa mu 2003. Iwo ankaonetsa Ajapani chithunzi chokhala ndi mayi woperekera zakudya, kasitomala ndi hambaga, uku makina akutsata pamene maso awo akuyang'ana. Kenako ankawamvetsa chiganizo chakuti "weitoresu ga kyaku ni tanoshige ni hanbāgā o hakobu", kutanthauza kuti woperekera zakudya akupititsira kasitomala hambaga mosangalala. Atangomva "kyaku ni" ("kyaku" ndiye kasitomala), maso a ambiri ankayamba kulowera ku hambaga ija isanatchulidwe n'komwe, mneni akadali kutali. Koma chiganizo chikakhala ndi "kyaku o", monga pamene mayiyo akungomuseka kasitomala, maso sankathamangira ku hambaga chimodzimodzi. Kamawu kakuti "ni" kamauza womvera kuti munthuyu akulandira kanthu, choncho mutu umayamba kusaka kanthuko. Timawu timeneti, "ga", "o", "ni", "wa", timene eni ake amatitcha joshi, ifetu timatimeza polankhula ndipo pomvetsera timatidumpha ngati zinyalala. Pamenepo ndi pamene Mjapani amaponda kuti aone kutsogolo.

Ndili pamenepo ndinakumbukira Chichewa chathu. Munthu akangoti "sindi-", mwadziwa kale kuti akukana, chifukwa ife kukana timakuika patsogolo. Chijapani chimakuika kumchira: "tabemasu" ndi kudya, "tabemasen" ndi kusadya. Ena mukudziwa zimene zinandichitikira kumene ndimagwira ganyu yolongedza zakudya. Kapitawo anati "irenaide kudasai", musaikemo, ine n'kumva chiyambi chokha n'kuikamo, ndipo mabokosi angapo anatayidwa. Zinandipweteka mtima sabata yonse. Kumsonkhanoku ndinazindikira kuti ngakhale kukanako nthawi zambiri kumakhala ndi kalambulabwalo wake. Mawu ngati "shika" (chabe), komanso "amari" (kwenikweni) nthawi zambiri, akamveka pakati pa chiganizo, mwini chilankhulo amadziwiratu kuti mneni adzathera pokana.

Kulosera kumeneku kumawaphonyetsanso nthawi zina. Anatipatsa chitsanzo chakale cha Reiko Mazuka ndi Kenji Itoh cha mu 1995: "Yōko ga kodomo o kōsaten de mikaketa takushī ni noseta." Mukafika pa "mikaketa" mumakhulupirira kuti Yōko anaona mwana pamphambano. Likangotulukira liwu lakuti "takushī", zonse zimagwa: chimene anaona pamphambano ndi takisi, ndipo mwanayo anamukweza m'takisimo. Chijapani chilibe mawu ngati "amene" kapena "chimene" okuchenjezani kuti nthambi ya chiganizo yayamba, ndiponso nthambiyo imatsogola, dzina limene ikufotokoza n'kubwera pambuyo. Choncho mukasokonezeka powerenga makalata a ku ofesi ya mzinda, musadzione ngati mbuli. Eni ake omwe amabwerera m'mbuyo pa ziganizo zotere.



Tsiku lachiwiri linali la kapangidwe ka ziganizo. Hiroko Yamashita ndi Franklin Chang anaonetsa mu 2001 kuti Mjapani akakhala ndi zigawo ziwiri, chachitali ndi chachifupi, amakonda kutsogoza chachitali, pamene wolankhula Chingerezi amachisiya kumapeto. Kwa ife amene tinaphunzira sukulu m'Chingerezi, apa mpamene ziganizo zathu zimamvekera zachilendo ngakhale galamala ili bwinobwino. Shota Momma ndi anzake, mu 2016, anapeza kuti wolankhula angathe kutchula mwininkhani asanasankhe mneni, koma asanatchule pamtherankhani amakhala atamusankha kale mneniyo, ngakhale kuti adzamutchula pomalizira. Izi zinandilimbitsa mtima. Sikofunika kuti chiganizo chonse chikhale chitapsa m'mutu musanatsegule pakamwa. Yambani ndi mwininkhani, koma pofika pa pamtherankhani, dzina lotsatiridwa ndi "o", mukhale mukudziwa kumene mukupita.

Pa nthawi ya tiyi mphunzitsi wina atamva kuti kwathu ndi ku Malawi anandifunsa za chiganizo chimene Sam Mchombo ndi Joan Bresnan anachitchukitsa mu 1987, chakuti "Njuchi zinawaluma alenje". Ndinamufotokozera kuti tingathenso kunena kuti "Alenje zinawaluma njuchi" osasokoneza woluma ndi wolumidwa, chifukwa "zi" ndi "wa" za mu mneni zimatiuza zonse. Tikukambirana tinaona kuti ntchito imene agwirizanitsi athu amagwira ali mu mneni, joshi amaigwira ali pambuyo pa dzina. Khutu lomvera timawu ting'onoting'ono tili nalo kale, langozolowera kutchera pamalo ena.

Pempho langa, Wapampando, ndi lakuti mphindi 20 zoyambirira za kalasi yathu tizichita izi: mmodzi aziwerenga chiganizo n'kuima asanafike pa mneni, enafe tizinena mneni amene tikuyembekezera ndi kamawu kamene katiuza zimenezo. Ndikupemphanso kuti wina akameza joshi polankhula tizimubweza mwaulemu, tisamangomulekerera poti tamva zimene akufuna kunena. Ndakonza kale ziganizo 30 zoyambira, zambiri zochokera ku zimene timamva kuntchito ndi kuchipatala, ndipo ndibwera nazo Loweruka likubwerali. Malisiti a ulendo ndapereka kwa msungichuma.

Ine mthumwi wanu.