Chilengezo cha msonkhano wokambirana za nkhani za m'dera la likulu la dziko

Atolankhani ndi alembi nonse a m'gulu lino,

Loweruka likubwerali, kuyambira 3 koloko mpaka 5 koloko madzulo, tidzakumana pa Zoom kuti tikambirane funso limodzi: kodi ndani amalemba za anthu wamba okhala mu likulu la dziko pamene nyumba zofalitsa nkhani zatanganidwa ndi ndale za boma?

Chitsanzo chathu chidzakhala Washington, likulu la dziko la America, ndi madera oizungulira a m'zigawo za Maryland ndi Virginia. Nyuzipepala ya The Washington Star itatsekedwa mu 1981, The Washington Post, yomwe inayamba mu 1877 ndipo inagulidwa mu 2013 ndi Jeff Bezos, amene anayambitsa kampani ya Amazon, ndiyo inatsala yaikulu kuposa zonse. Tidzaonanso momwe wailesi ya WAMU ya ku Washington inatsekera tsamba la nkhani la pa intaneti la DCist mu February 2024, tsamba lomwe linkalemba za mabasi, lendi ndi sukulu, nkhani zimene ine ndimaziona kuti ndizo zimakhudza owerenga kwambiri kuposa mikangano ya aphungu.

Aliyense adzabwere ndi nkhani imodzi ya m'dera la likulu yomwe waiwerenga kapena kuimva m'mwezi uno, pamodzi ndi ndemanga yake yolemba yosapitirira tsamba limodzi. Palibe cholipira, koma muonetsetse kuti intaneti yanu ndi yokwanira maola awiri.

Yankhani uthengawu pofika Lachinayi madzulo kutsimikiza kuti mudzakhalapo, chifukwa linki ya msonkhano idzatumizidwa kwa okhawo amene ayankha.

Mlembi wa gulu