Mlandu wa mphunzitsi uyezedwe ndi zimene anasankha yekha

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo maganizo anga pa mkangano umene umabuka chaka ndi chaka m'dziko la America kumapeto kwa mwezi wa Novembala, pamene matimu a m'mayunivesite amakhala akumaliza masewero awo a mpira wonyamula ndi manja uja, umene eni ake amautcha football. Timu imene anthu anaiikira mtima ikagwa chagada, ochemerera amagawikana pawiri: ena amafuna kuti mphunzitsi achotsedwe tsiku lomwelo, pamene ena amamuikira kumbuyo ponena kuti iye salowa m'bwalo ndipo sagwira mpira. Ine ndikuona kuti mphunzitsi wa timu ya pa yunivesite ali ndi mlandu waukulu ndithu, woposa wa mnzake wa mu ligi ya akatswiri ya NFL, koma mlanduwo uyenera kuwerengedwa pa zinthu zimene iye anasankha ndi mutu wake.

Mu NFL muli akuluakulu ena amene ntchito yawo ndi kusankha ndi kugula osewera, kotero mphunzitsi akhoza kudandaula kuti anapatsidwa anthu osakwanira. Ku yunivesite, kwa zaka zambiri, zonsezi zakhala m'manja mwa mphunzitsi wamkulu. Ndiye amene amayendera anyamata a ku sekondale, kukhala pansi ndi makolo awo m'nyumba mwawo ndi kuwalonjeza maphunziro aulere. Ndiye amalemba ntchito aphunzitsi omuthandiza, amakonza zokonzekera za sabata yonse, ndiponso amanena amene ayambe masewero Loweruka. Munthu wotere akanena kuti osewera ake ndi ofooka, akudzineneza yekha, chifukwa anawabweretsa ndi iye. Mutu ukakula sulewa nkhonya, makamaka pamene ena mwa aphunzitsiwa amalandira ndalama zoposa madola 10 miliyoni pa chaka.

Pali zolakwa zina zimene sizifuna n'komwe kukambirana. Mu Okutobala 2023 timu ya Miami inkatsogola 20 kwa 17 pokumana ndi Georgia Tech, kutatsala masekondi osakwana 40, ndipo adani awo analibe mwayi woimitsanso wotchi. Chimene chinkafunika chinali chakuti wotsogolera masewero, amene amatchedwa quarterback, alandire mpira ndi kugwada pansi, nthawi n'kutha. M'malo mwake benchi ya mphunzitsi wa Miami, Mario Cristobal, inalamula kuti wosewera athamange nawo mpira. Mpirawo unamupulumuka m'manja, Georgia Tech inautola, ndipo m'masekondi otsalawo inafika kumapeto kwa bwalo n'kupambana 23 kwa 20. Mnyamata amene anagwetsa mpira sanayenere kuikidwa pamalo amenewo. Kugonja kumeneku kunali kwa mphunzitsi, ndipo iye mwini anavomera kuti analakwitsa.

Nkhani ya Florida State ndi imene imandiganizitsa kwambiri, chifukwa muli zonse ziwiri, tsoka ndi kulakwitsa. Mu 2023 timuyi, pansi pa mphunzitsi Mike Norvell, inapambana masewero onse 13 ndi kutenga chikho cha chigawo cha ACC. Koma mu Novembala chaka chomwecho quarterback wawo, Jordan Travis, anathyoka mwendo pokumana ndi North Alabama, ndipo komiti yosankha matimu anayi olimbirana chikho cha dziko lonse inawasiya kunja ngakhale anali asanagonjepo. Osewera odalirika ambiri anakana kusewera masewero otsekera chaka otchedwa Orange Bowl, ndipo timu ya yunivesite ya Georgia inawaswa 63 kwa 3. Pa zonsezi sindikuona chimene munthu wachilungamo angamunenere Norvell: sanathyole mwendo wa Travis, ndipo sanali mu komiti.

Chaka cha 2024 ndi nkhani ina. Osewera a Norvell 10 anatengedwa ndi matimu a NFL, ndipo kutaya anthu otere n'kovuta kwa aliyense, koma iye anadziwa kale kuti achoka, ndipo ntchito yokonza owalowa m'malo inali yake. Anadalira kwambiri osewera ochokera ku mayunivesite ena, kuphatikizapo quarterback DJ Uiagalelei, m'malo mokhala atakhwimitsa anyamata amene anawalera yekha. Timuyo inayamba chaka ili pa nambala 10 m'dziko lonse, inagonja masewero oyamba kwa Georgia Tech mumzinda wa Dublin, ndipo inamaliza itapambana masewero awiri okha n'kugonja 10. Itagonja 52 kwa 3 kwa Notre Dame, Norvell anachotsa ntchito omuthandiza atatu, amenenso anawalemba kapena kuwasunga ndi iye mwini. Timu ikagonja masewero amodzi kapena awiri mwa mapointi ochepa, tikhoza kunena za tsoka; ikamalephera kutchinga ndi kugwira adani sabata ndi sabata, vuto lili pa kasankhidwe ka anthu ndi kaphunzitsidwe, ndipo kumeneko ndi kwa mphunzitsi.

Ngakhale zili choncho, tiyenera kuvomereza kuti mphamvu za aphunzitsi zachepa m'zaka zaposachedwapa. Kuyambira pa 1 Julayi 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama pogwiritsa ntchito mayina ndi zithunzi zawo, ndipo malamulo osamukira ku yunivesite ina anafewetsedwa kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti mphunzitsi akhoza kulera mnyamata kwa zaka ziwiri, kenako n'kumuona akupita kumene anthu olemera othandiza timu aika ndalama zambiri. Ngati yunivesite ndi oithandiza sangathe kupikisana pa ndalama, si chilungamo kuyembekezera kuti mphunzitsi apikisane pa bwalo ngati kuti zinthu n'zofanana. Tisaiwalenso kuti osewerawa ndi ophunzira a zaka zapakati pa 18 ndi 23, amene ali ndi makalasi ndi mayeso, ndiponso kuti masewero a chaka chonse amakhala 12 okha chikho chisanayambe, kotero kuvulala kwa munthu mmodzi kukhoza kusintha chithunzi chonse.

N'chifukwa chake ndimasiyanitsa kupatsa munthu mlandu ndi kumuchotsa ntchito. Nick Saban, m'chaka chake choyamba ku Alabama mu 2007, anagonja masewero 6, kuphatikizapo a pakhomo kwa timu yaing'ono ya Louisiana-Monroe; patapita zaka ziwiri anatenga chikho cha dziko lonse, ndipo anatenga zikho 6 pa yunivesite imeneyo. Frank Beamer wa ku Virginia Tech anapambana masewero awiri okha mu 1992, m'chaka chake chachisanu ndi chimodzi, koma akuluakulu anamusunga, ndipo mu 1999 timu yake inafika mu ndime yomaliza ya chikho cha dziko. Amunawa anali ndi mlandu pa zaka zoipazo, koma panali umboni wakuti akudziwa chimene chalakwika ndipo akuchikonza. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti kodi osewera akupita patsogolo pakati pa Seputembala ndi Novembala, kodi zolakwa zimene zinaoneka m'masewero oyamba zikuonekabe m'masewero omaliza, ndiponso kodi anyamatawo akumenyabe nkhondo ngakhale pamene chikho chawapulumuka kale.

Gulu limene kawirikawiri limazemba mlandu ndi la akuluakulu a mayunivesite amene amasaina mapangano a ntchito. Yunivesite ya Texas A&M inalemba mphunzitsi Jimbo Fisher kumapeto kwa 2017 pa pangano la zaka 10 la madola 75 miliyoni, ndipo mu 2021 inaliwonjezera mpaka 2031. Mu 2022 Fisher anasonkhanitsa gulu la osewera atsopano limene linayesedwa lopambana m'dziko lonse, koma timuyo inapambana masewero 5 n'kugonja 7, ndipo pamenepa palibe chomuikira kumbuyo, popeza ndalama, zipangizo ndi osewera anali nazo zonse. Koma pamene ankamuchotsa mu Novembala 2023, yunivesiteyo inayenera kumulipira ndalama zoposa madola 75 miliyoni kuti asiye kugwira ntchito. Pangano lotero sanalilembe Fisher yekha. Analivomereza oyang'anira zamasewera pamodzi ndi bodi ya yunivesite, ndipo zimandipweteka kuti sukulu, imene cholinga chake choyamba ndi maphunziro, ingamangidwe pa ngongole yotere chifukwa cha mantha akuti mphunzitsi angatengedwe ndi ena.

Pempho langa kwa olemba nkhani za masewera ndi lakuti akamaweruza chaka choipa, azifunsa mphunzitsi za osewera amene anawasankha, omuthandiza amene anawalemba ndi zimene analamula m'mphindi zomaliza, ndipo azipitanso ku ofesi ya amene anasaina pangano lake kukafunsa chifukwa chimene analonjezera ndalama zochuluka chotero asanaone zipatso.

Ine wanu,
Wokonda masewera